Giya Yochedwa pa Msewu wa ku Katete

Uthenga unabwera masana, ine ndikuyanika matewera kuseri kwa nyumba yathu ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Apongozi anga aakazi anatuluka foni ili m'manja, n'kukhala pansi pakhomo osayala ngakhale chitenje.

"Amake Misheki," anatero, "atate ake a Lackson agwa kumunda. Kuchipatala awapatsa mankhwala n'kuwabweza kunyumba, koma mphamvu alibe. Akuti, 'Ndibweretsereni dzina langa ndilione maso akali kupenya.'"

Dzina lawolo ndi mwana wanga Misheki, yemwe tinamutcha dzina la ambuye akewo, apongozi anga aamuna. Anali ndi miyezi inayi, ndipo ambuye ake anali asanamunyamulepo, ankangomumva akulira pa foni. Apongozi aakazi anabwera ku Lusaka kudzandithandiza nditachira, ndipo anali asanabwerere kwawo ku Katete. Amuna anga, ba Lackson, anali ku Solwezi pa ntchito, kapitao wawo n'kuwakaniza tchuthi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale agalu a mu komboni amasiya kuuwa. Za basi ndinakana. Mwana anali atangochira kumene malungo, ndiye ndimuike m'basi yodzaza, mawindo osatseguka, tsiku lonse? Galimoto tinali nayo, laisensi ndinali nayo. Ndinauza ba Lackson pa foni kuti ndiyendetsa ndekha.

Ndinene zoona, pa za mwana ndine wamantha kwambiri. Akagona tulo tabwino ndimayika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma. Ndinaphunzira za kulera ana a nasale ku koleji, satifiketi ili pakhoma, koma mwana wako akatsokomola kamodzi zonse zija zimauluka. Za msewu zokha ndiye sindiopa. Munthu amene amapikisana ndi maminibasi a ku Kanyama m'mawa uliwonse, palibe msewu umene ungamuopseze.

Galimoto yathu ndi yakale, ija yosintha yokha magiya, inabwera kuchokera ku Japan ili kale ndi imvi. Inali ndi vuto limodzi limene linayamba kutentha kutayamba. Ndikayatsa eyakoni yoziziritsa mkati, giya inkachedwa kulowa. Injini inkalira mokuwa ngati ikupempha chifundo, kenako giya n'kulowa ndi kugunda, gu! Makanika wathu wa pansi pa mtengo ku Kanyama anangoimvetsera n'kunena kuti, "Ba mami, iyi motoka yakalamba chabe. Muzizimya eyakoni." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati eyakoniyo ndiyo ndaitengera galimoto.

Tikulongedza katundu, apongozi anayambanso nkhani ya thumba lawo. Pa Khirisimasi anatitumizira nsawa m'thumba lolimba, lija losokedwa kukamwa ndi ulusi wofiira. Kwathu thumba limabwerera kwa mwini wake, ndiye kuti ukufuna akutumizirenso. Atafika ku Lusaka analifunsa, ife n'kulifuna nyumba yonse osalipeza. Kuyambira pamenepo ankamuyang'ana m'mbali mayi woyandikana nafe, amake Bupe.

"Anthu a m'tauni," anatero akumanga mfundo pa chitenje. "Moni wokoma, manja aatali."

"Amayi, mwina linangotayika."

"Thumba lilibe miyendo, mwana wanga."

Tinanyamuka m'bandakucha kusanatenthe. Apongozi anakhala kumbuyo pambali pa kampando ka mwana. Misheki anali atavekedwa chipewa cha ulusi, masokosi, juzi, pamwamba pake shawelo. Ndinaona, n'kungoliza galimoto. Miyezi inayi yonseyi ndinali ndisanawatsutsepo apongozi pa nkhani ya kufunditsa mwana. Ndinkangodikira atembenuke n'kuchotsako kamodzi.

M'tauni tinadutsa bwino. Mpweya unali wozizira, eyakoni ndinali ndisanayatse, magiya ankalowa okha mwaulemu ngati ana a kwaya. Tinalipira pa tologeti ya ku Chongwe, tinagula madzi ndi mabanzi, apongozi n'kuyamba kundiwerengera maina a anthu amene ndiyenera kuwagwadira kumudzi.

Titadutsa Chinyunyu dzuwa linakwera. Ndinayatsa eyakoni, ndipo pa kachitunda koyamba nyimbo ija inayamba. Injini kukuwa, kukuwa, giya osalowa. Kenako gu!

"Yatani?" anafunsa apongozi.

"Ikungodandaula, amayi."

Ku nasale anatiphunzitsa kuti mwana akamalira usamangoganiza, uzichotsa chinthu chimodzi n'kuona ngati kulira kwasintha. Ndinachita zomwezo. Pa chitunda china ndinazimitsa eyakoni, giya inalowa msanga, mosagunda. Pa china ndinayatsa, inachedwa. Ndinabwereza mpaka ndinakhutira. Ndinaonanso china: eyakoni ikayaka, galimoto inkalemera ngati ndanyamula matumba a simenti, ndipo phazi langa linkadzipondereza lokha kwambiri kuti liwiro lisatsike. Ba Lackson anandiuzapo kuti magalimoto akalewa amamvera phazi. Ukaponda kwambiri, imaganiza kuti ukufuna mphamvu, ndiye imagwiritsa giya yapansi. Koma bwanji eyakoni ikulemera chonchi? Chaka chatha sinkatero.

Pa Rufunsa ndinaima pamthunzi kuti ndiyamwitse, n'kuimbira ba Lackson.

"Wayang'ana mafuta a giya?" anafunsa.

"Ndinayang'ana a injini m'mawa."

"Osati amenewo. Pali kachitsulo kena kopimira, chakumbuyo. Koma usazimitse injini. Ika pa P, injini izilira, usolole, upukute, ubwezere, usololenso."

Ndinatsegula boneti n'kuchita monga ananenera. Mafuta anali pa mzere wake, ofiira ndithu, koma akununkha ngati shuga wopserera pang'ono. Ndinawauza.

"Ndiye kuti akutentha," anatero. "Koma alimo. Yenda pang'onopang'ono, uziyang'ana..." Netiweki inadula pomwepo.

Mkazi akatsegula boneti pamsewu sakhala yekha nthawi yaitali. Anabwera bambo wina wovala ovolosi yomanga m'chiuno, sipanala ili m'thumba lakumbuyo. Ndinamufotokozera. Sanayang'ane n'komwe mu injini.

"Ba mami, bokosi ya magiya yasila. Tifunika tiichose, tiisegule, tione mukati. Muzagona kuno, mailo m'mawa muzayenda."

"Ngati bokosi lafa, bwanji limadzuka ndikazimitsa eyakoni?"

"Vinthu va otomatiki ni va so. Vimachita monga vili na mizimu."

"Ine ndikuona ngati bokosi lili bwino, china chake ndicho chikulivutitsa."

Anaseka n'kuyang'ana apongozi pawindo. "Ba mbuya, aba bapongozi banu ni ba loya?"

"Ndi aphunzitsi," anayankha apongozi mosaseka. "Tiyeni, amake Misheki."

Ndinatseka boneti. Osanama, kukana mawu a munthu wa sipanala uli pakati pa tchire si chinthu chapafupi. Koma ndinkadziwa zimene ndinaona ndi maso anga pa zitunda zija.

Kenako anabwera mapiri a Manenekela. Amene anadutsapo akudziwa, msewu umakhota ngati njoka yomenyedwa, uku phiri, uku phompho, kutsogolo lole yonyamula katundu ikukwawa. Kupitirira sungathe. Tinakhala kumbuyo kwa lole ina, eyakoni ili yoyaka chifukwa kunja kunali ng'anjo. Giya tsopano inakaniratu kukwera. Mpweya wa eyakoni unayamba kufunda, kenako kutuluka wotentha. Nditaponya diso pa kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini, kanali katachoka pakati, kakupita kofiira.

Ndinazimitsa eyakoni. Kamuvi kanaima, koma sikanabwerere. Poima panalibe.

"Amayi, nditsegula mawindo."

"Iyayi! Mphepo ilowa paliwombo pa mwana."

Ndinatsegula langa lokha, pang'ono. Apongozi anakokera shawelo kumutu kwa Misheki kuti amuteteze ku mphepoyo. Mwana anayamba kulira. Analira mwamphamvu, ine maso pamsewu, manja pa chiwongolero, thukuta likulowa m'maso. Kenako kulira kunayamba kuchepa, n'kukhala kakulira kotopa, kodukaduka. Kulira kwamphamvu sindikuopa. Koma kameneka ndi kamene ndimaopa.

"Ali bwanji, amayi?"

"Akufuna kugona."

Sindinakhulupirire. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, lija lomangoti Ambuye, Ambuye, mpaka msewu unayamba kutsetsereka ndipo ndinaona misasa ya msika wa pa Luangwa, nsomba zouma zili mulu, madengu ndi zipewa za mlaza zitapachikidwa.

Ndinaimika pansi pa mtengo, n'kuthamangira chitseko chakumbuyo. Misheki anali wofiira, tsitsi lonyowa, khosi lotentha ngati mbale yochoka pamoto. Ndinamupatsa bere, anatembenuza mutu.

Ndinagwada pafumbi pomwepo, pakhomo la galimoto.

"Amayi, mundikhululukire. Mwalera ana ambiri, ine ndi woyamba uyu. Koma mwanayu sakumva mphepo, akupsa. Ndimuvula."

Sindinadikire yankho. Chipewa, shawelo, juzi, masokosi, zonse ndinaponya pampando. Anatsala ndi thewera. Ndinanyowetsa chitenje ndi madzi a m'botolo n'kuyamba kumupukuta khosi, m'khwapa, kumsana. Kenako ndinaona dzanja la apongozi likutenga chipewa cha mlaza pa msasa wapafupi, n'kuyamba kumukupiza.

Mayi wogulitsa nsomba, wonenepa, wovala duku lachikasu, anatikokera kabenchi. "Khalani apa, mumthunzi. Kuno ku Luangwa mwana sitimufunditsa, amake mwana. Kuno ngakhale nkhuku zimayenda zitatsegula mapiko."

Patapita kanthawi Misheki anatsegula maso, anakwinya nkhope, n'kulira kulira kwake kwenikweni, kwaukali. Ndinamuika kubere, anagwira. Anayamwa ngati wabwera ku nkhondo. Ine misozi inangotsika yokha, mayi wa nsomba n'kumanamizira kuti akuthamangitsa ntchentche.

Mantha atatsika, mutu unayambanso kugwira ntchito. Kutsogolo kunali chitunda chachitali chokwera kuchoka pa mlatho wa Luangwa kupita ku Kacholola, ndipo Katete anali akadali kutali. Popanda eyakoni mwanayu sakanapirira. Ndi eyakoni galimoto sikanapirira. Kubwerera kunali kudutsanso Manenekela. Ndipo ku Katete kunali munthu wogona pamphasa akudikira dzina lake.

Ndinakhala ndikuyang'ana mulu wa zovala zija pampando, kenako galimoto. Mwana anatentha chifukwa mpweya sunkamufika. Nanga galimotoyi? Mafuta alimo koma akununkha kupsa. Eyakoni ikutulutsa mpweya wofunda. Injini ikutentha. Zitatu zonsezi zimapumira malo amodzi, kumphuno kwa galimoto.

Ndinapereka mwana kwa apongozi. Ndinaliza injini, n'kuyatsa eyakoni, n'kutsegula boneti. Mafani onse awiri ankazungulira, ndiye vuto silinali fani. Ndinang'amba kachidutswa ka pepala lopukutira mwana n'kukaika kutsogolo kwa timipata ta kumphuno kuja. Chapamwamba, fani inakakoka n'kukamata. Nditakatsitsa chapansi, kuseri kwa bampa, kanangogwa pansi.

Ndinazimitsa injini. Ndinayala chitenje, n'kugona chamimba pafumbi, anthu a pamsika akuyang'ana.

"Mwataya chiyani, mayi?" anafuula mwamuna wina wogulitsa madengu. "Ngati ndi mwamuna, ali kuno!"

"Khala chete iwe," anamukalipira mayi wa nsomba. "Wako mkazi anakuthawa uli maso."

Ndinaunika ndi tochi ya foni. Poyamba ndinangoona matope ouma, otuwa, ngati khoma. Ndinakanda ndi chala. Pansi pa matopewo panali chinthu cholukidwa, chomangidwa ndi waya mbali zonse ziwiri, chitaphimba zitsulo zopyapyala zija zimene mpweya umayenera kudutsamo, kuyambira pansi mpaka kupitirira pakati.

Tinadikira kuti zitsulo zizizire. Wa madengu uja, pofuna kukonza mbiri yake, anabweretsa pulayazi n'kudula mawaya. Ndinalowetsa dzanja, ndinakoka, chinakana, ndinakokanso. Chinatuluka ndi fumbi lonse la Kanyama, mapepala a maswiti, ndi ziwala zouma. Ndinachikutumula pamtengo.

Kukamwa kwake kunali ulusi wofiira.

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono, mwana ali paphewa. Anayandikira, analigwira ndi zala ziwiri, analitembenuza.

"Ili ndi thumba langa."

Netiweki pa Luangwa inalipo. Ndinaimba, n'kuika foni pokweza mawu.

"Atate ake a Misheki, kutsogolo kwa rediyeta ndapeza thumba."

Ba Lackson anati, "Eee. Mayo ine. Ija saka."

"Ija saka iti?"

"Febuluwale uja, madzi atadzaza mu Kanyama mpaka m'mawondo. Tonse pa layini yathu tinamanga masaka kutsogolo kuti madzi asamenye fani ndi kulowa mu injini. Ndinati mvula ikatha ndichotsa. Kenako kunazizira, galimoto sinkatentha, kenako mwana anabadwa..."

Apongozi anatenga foni m'manja mwanga. Sanakweze mawu.

"Lackson. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumuyankha moni wa m'mphuno amake Bupe, mayi amene ananditengera madzi ndikudwala mwendo. Wakuba ndinabala ndekha."

"Amama, pepani, sindinadziwe kuti ndi lija..."

"Ulusi wofiira sunauone? Ukapepesa wekha kwa amake Bupe, ndi nkhuku m'manja."

Msika wonse unali kuseka. Mayi wa nsomba anachita kugwira m'mimba. Anatibweretsera ndowa ya madzi, ndipo ndinathira pang'onopang'ono pa zitsulo zopyapyala zija ndi kapu, osakhudza ndi chinthu cholimba kuti zisapindike, mpaka madzi otsika pansi anasiya kukhala a matope. Ndinayesanso kapepala kaja. Pamwamba kanamata, pansi kanamatanso. Tinagula nsomba kwa mayiyo ndi chipewa chija kwa mwini wake, popeza chinali chitagwira kale ntchito.

Pa mlatho asilikali anatiimika, anasuzumira, anaona mwana wa thewera lokha ndi gogo akumukupiza, n'kutikodola kuti tipite. Titawoloka, chitunda chinayamba. Ndinayatsa eyakoni, n'kunena mumtima kuti tiyeni tione.

Mpweya unatuluka wozizira, woti mpaka apongozi anati, "Ii!" Injini inakoka, inakweza mawu pang'ono, ndipo nthawi imene ndinkayembekeza kukuwa kuja, giya inalowa. Mwakachetechete, ngati munthu wolowa m'tchalitchi mochedwa. Kamuvi kanakhala pakati osasuntha.

Sindinganene kuti galimoto inasanduka yatsopano. Eyakoni ikayaka giya imachedwabe pang'ono kuposa ikazima, ndipo ndi mmene zilili ndi injini yaing'ono yokalamba. Pokwera chitunda chachikulu, kumbuyo kwa lole, ndinkaizimitsa kanthawi, mkati mukadali mozizira, n'kuiyatsanso tikafika pamwamba. Mafuta a giya aja ndinakasinthitsa titabwerera ku Lusaka chifukwa anali ataphikidwa mokwanira. Koma bokosi lomwe lija, limene linkafuna kutsegulidwa pa Rufunsa, ndi limene ndikuyendera mpaka lero.

Pa Nyimba tinagula nthochi pawindo. Misheki anagona, ndipo ndinapempha apongozi kuti aike chala pamphuno pake. Anandiyang'ana pagalasi, ndimaganiza kuti andiseka.

"Akupuma," anatero. "Inenso Lackson ndinkamutero."

Petauke tinangoona chikwangwani, Sinda tinadutsa dzuwa litapendeka. Pa Katete tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, apongozi akuloza njira ndi nthochi.

Apongozi aamuna tinawapeza pakhonde, atagona pamphasa, mutu uli pa pilo. Anali ataonda kuposa pa chithunzi cha ukwati wathu. Ndinagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, n'kupereka mwana kwa apongozi aakazi kuti ndiwo amupereke. Akuluwo anayesa kudzuka, analephera, ndiye anawakhazika motsamira khoma n'kuwaikira mwana pamiyendo.

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Misheki anagwira chala chawo n'kuchilowetsa m'kamwa.

"Dzina langa," anatero. "Wabwera kudzandilanda dzina ndikali moyo, iwe?" Anaseka, n'kutsokomola, n'kusekanso. Kenako anakweza maso. "Nanga mwanayu bwanji ali maliseche? Ku Lusaka zovala zinatha?"

Azakhali awiri amene anali pamenepo anatembenukira kwa ine. Ndinaweramitsa mutu, ndikusanja mawu. Koma apongozi aakazi anandiyambirira.

"Kwatentha," anatero. "Amake akudziwa."

Tinakhala kumudzi mpaka akuluwo anayamba kuyenda ndi ndodo kukafika pakhola. Apongozi aakazi anatsala kuti awasamale. M'mawa wa tsiku lobwerera ndinapeza thumba lija litachapidwa, litasokedwanso pamene waya analiboola, lodzaza nsawa mpaka kukamwa. Pambali pake panali kathumba kena kakang'ono.

"Aka n'ka amake Bupe," anatero apongozi. "Muwauze kuti ndawapatsa moni, moni weniweni."

Ndinati ndinyamule lalikulu lija, anandiletsa. Analikweza okha pamutu, anazungulira galimoto, anadutsa kutsogolo osaima, n'kukaliika m'buti. Anatseka, n'kumenya kawiri ndi chikhatho.

"Malo ake ndi kuno, kumbuyo. Mukamuuze Lackson. Ndipo thumbali ndikulifuna."